Kumezanitsa mango kuti agwire: lumikizani njira ya madzi ndi njira ya shuga

Mwamezanitsa mbande 20, mwamanga bwinobwino, mwathirira m'mawa ndi madzulo, koma patatha milungu itatu zagwira ziwiri zokha. Pa zotsalazo tinthambi tada bii ngati makala. Ambiri akafika apa amangoti "dzanja langa n'loipa," n'kuzisiya. Dzanja lilibe mlandu. Chalephereka n'chakuti njira za m'kati mwa mtengo sizinakumane.

Njirazo zilipo ziwiri. Madzi ndi michere ya m'nthaka zimakwera kuchokera kumizu kudzera m'thupi lolimba la mtengo, lija timasemapo mipini. Shuga amene masamba amapanga padzuwa amayenda m'khungwa la m'kati, mmene timasendamo luzi, kupita kumizu, kumphukira ndi kuzipatso. M'mabuku a Biology njira ya madzi amati xylem, ya shuga amati phloem. Pakati pa ziwirizi pali kamnofu kopyapyala koterera kotchedwa cambium, ndipo ndi komwe kamabala njira zonse ziwiri. Ntchito yanu ndi kukumanitsa kamnofu ka mtengo wapansi ndi ka mtengo wapamwamba kasanaume. Malangizo onse ali m'munsiwa akuchokera pamenepo.

Zofunika kukhala nazo

- Mbande za mango a makolo za m'machubu, tsinde lake lonenepa ngati pensulo. Mbande yotere tiziitchula kuti chitsa.
- Tinthambi ta mtengo umene mukuufuna: Tommy Atkins, Kent, Keitt, kapena boloma wa pakhomo amene anthu amalimbirana.
- Mpeni wopyapyala wakuthwa moti n'kumeta ubweya wa pamkono. Lumo latsopano limathandiza pa timitengo tanthete.
- Sipiriti ndi kansalu kopukutira mpeni.
- Timizere ta pulasitiki wofewa, masentimita 2 m'lifupi ndi 30 m'litali. Pepala la shuga lotha mukalitsuka n'kulidula limagwira ntchito.
- Timajumbo tating'ono toonekera m'kati.
- Nyuzipepala kapena chiguduli chonyowa.
- Shedi ya udzu yolowa kuwala pang'ono.

Nthawi yabwino ndi pamene kuzizira kwa Juni ndi Julayi kwatha, kuyambira Ogasiti kukafika Okutobala. Kukazizira kamnofu kaja kamagona, bala silipola msanga. M'kati mwa dzinja namonso chinyezi chimachuluka, ndipo bala limaola lisanapole.

Kukonza chitsa

1. Fesani mango a makolo nyengo ya mango, Disembala kapena Januwale. Njere ya mango sichedwa kufa, choncho musaisunge kupyola milungu iwiri. Tsegulani khokho mosamala, mutulutse njere ya m'kati. Ikakhala yakuda kapena yodyedwa ndi kachilombo kofanana ndi nankafumbwe, itayeni. Mango ambiri a makolo amatulutsa mbande zingapo pa njere imodzi: siyani yamphamvu imodzi pa chubu chilichonse.

2. Dikirani miyezi 6 kufikira 9, mpaka tsinde lifike pa pensulo. Chitsa chowonda ngati udzu sichingapane kanthambi.

3. Kutatsala masiku atatu kuti mumezanitse, thirirani mokwanira tsiku lililonse. Yesani pa mbande imodzi: tsinani khungwa ndi chikhadabo. Likamasendeka mosavuta, pansi pake pali ponyowa, chitsa chakonzeka. Likamakakamira, mtengo uli ndi ludzu. Onjezani masiku.

Kusankha ndi kukonza kanthambi

4. Sankhani mtengo umene munadyapo zipatso zake inu nomwe. Kanthambi kamatengera mtengo umene kachokera, zabwino ndi matenda omwe. Tommy Atkins amapsa msanga ndipo amapirira paulendo wa kumsika, Kent ndi wotsekemera wopanda ulusi wambiri, Keitt amapsa mochedwa pamene mango ena atha. Ngati kwanuko mitengo yotere kulibe, funsani alangizi a zaulimi. Malo a kafukufuku a boma monga Bvumbwe ku Thyolo akhala akugwira ntchito ya mitengo ya zipatso kwa zaka zambiri.

Tengani nsonga ya nthambi yokhwima, ya masamba obiriwira olimba, imene maso ake (potulukira mphukira) atupa koma sanatseguke. Nthambi ya masamba ofiira olendewera ndi yanthete, imafota tsiku lomwelo. Kunenepa kwake kufanane ndi kwa chitsa.

5. Kutatsala masiku 7 kufikira 10, kanthambi kakadali pamtengo pomwepo, dulani masamba ake onse pa masentimita 15 a kunsonga, n'kusiya timapesi ta masamba tokha. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi poiyesa yongotaya nthawi. Musatero. Tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso totulutsira madzi mumpweya, ndipo kutuluka kwa madzi kumeneko ndi kumene kumakoka madzi ena kuchokera pansi, monga momwe mwana amakokera chakumwa ndi kapaipi. Kanthambi kodulidwa kalibe mizu. Mukakasiyira masamba, masambawo amakapopa madzi onse n'kukaumitsa njira yatsopano isanatseguke. Kuchotseratu masamba kakadali pa mayi wake kumapatsanso mpata kuti mabala apole ndipo maso atupe.

6. Pa tsiku lomezanitsa, dulani tinthambi m'mamawa dzuwa lisanakwere, pamene mtengo uli wokhuta madzi. Kalikonse kakhale ka masentimita 10 kufikira 15. Tikulungeni nthawi yomweyo m'nyuzipepala yonyowa, muike mu jumbo, musunge pamthunzi. Tigwiritseni ntchito tsiku lomwelo. Ngati mwatitenga kutali, tisapyole masiku awiri, ndipo jumbo isakhale padzuwa mu minibasi.

Chenjerani ndi utomoni wa mango. Umayabwa ndipo ena umawatulutsa zilonda pakhungu. Usafike m'maso.

Tsiku lomezanitsa

7. Musanakhudze mbande, kaoneni kaye kamnofu kaja ndi maso anu. Dulani nthambi yotaya, muisende khungwa. Pitani chala pa mtengo woyera umene waonekera: mumva kuterera ngati therere. Ndi pamenepo. Yang'anani podulidwapo ndipo muona mzere wozungulira wolekanitsa khungwa ndi mtengo. Mzere umenewo ndi woonda kuposa ulusi wosokera, koma ndi umene mukufuna kukumanitsa. Siyani nthambiyo padzuwa mphindi zochepa, mukaigwirenso. Kuterera kwatha, pauma gwa. N'chifukwa chake masitepe otsatirawa amafuna changu.

Amene muli ndi ana a sekondale, njira ya madzi mungawaonetse mosavuta. Imikani tsamba la chayinizi m'kapu ya madzi othira kala wofiira wa mafilizesi, muike poyera dzuwa. Pakatha maola angapo dulani phesi lake: muona timadontho tofiira tondandalikana. Timenewo ndi mipaipi ya xylem.

Phunzirani kusongola pa nthambi zotayazi, kakhumi kapena kuposa. Mbande zanu zisakhale zophunzirirapo mpeni.

8. Pukutani mpeni ndi sipiriti. Dulani chitsa mopingasa pa masentimita 20 kufikira 25 kuchokera padothi, pamene tsinde likadali lobiriwirako. Siyani masamba awiri kapena anayi m'munsi mwa podulapo. Apa ena amalakwitsa pofuna kuti ntchito ioneke yaukhondo, amayeretsa chitsa chonse. Masamba amenewo ndiwo akupanga shuga wodyetsa mizu ndi wopoletsa bala, popeza kanthambi kalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Amathandizanso kuti madzi asaleke kukwera.

9. Ng'ambani chitsa pakatikati penipeni, kutsika masentimita 3 kapena 4. Ikani mpeni pamwamba, muzikankha pang'onopang'ono mouyendetsa uku ndi uku. Mukakankha mwamphamvu chimang'ambika mpaka pansi.

10. Songolani tsinde la kanthambi mbali ziwiri, lithere ngati nkhwangwa, kutalika kwa posongola kufanane ndi mng'alu wa pachitsa. Mbali iliyonse idulidwe kamodzi kokha, mpeni ukuyenda ulendo umodzi osaima. Mukamasema pang'onopang'ono ngati mukusongola pensulo, pamakhala timapiri ndi tizigwa. Malo otere sagwirana, pakati pamatsala mpweya, ndipo madzi sadumpha mpweya. Ikani mpeni chafulati pa malo mwadulawo: ukagona thasa popanda kuwala kudutsa pansi, mwadula bwino.

Posongolapo musagwire ndi zala. Thukuta, mafuta ndi dothi zimaphimba kamnofu kaja. Kakagwa pansi, dulaninso. Onetsetsaninso kuti mwasongola kumunsi, osati kunsonga. Zikumveka zoseketsa, koma tinthambi topanda masamba timafanana mbali zonse ngati nsonga yadulidwa, ndipo kolowetsa chadodolido sikagwira. Timapesi ta masamba tiloze kumwamba.

11. Tsegulani mng'alu ndi nsonga ya mpeni, mulowetse kanthambi. Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Maso athu amafuna kuti kanthambi kakhale pakatikati, poti ndi pamene pamaoneka bwino. Ngati chitsa ndi kanthambi n'zofanana kunenepa, zili bwino, makungwa akumana mbali zonse ziwiri. Koma nthawi zambiri kanthambi kamachepako. Mukakaika pakati, kamnofu kake kamayang'anizana ndi mtengo wouma wa m'kati, kamnofu ka chitsa kali patali. Palibe chingagwire. Kankhirani kanthambi mbali imodzi mpaka mzere wa pansi pa khungwa lake ugundane ndi mzere wa pansi pa khungwa la chitsa. Mbali inayo ngakhale patsale mpata, palibe kanthu. Mbali imodzi yokumana bwino ndi yokwanira.

Pali kamsampha kena. Khungwa la chitsa likakhala lochindikala kuposa la kanthambi, kulinganiza kunja kwa makungwa kumasemphanitsa mizere ya m'kati. Zikatero kanthambi kalowe m'kati pang'ono, ngati kuchindikala kwa chikhadabo. Muziyang'ana mzere, osati kunja.

Kuchokera pa kusongola kufika pa kulowetsa pasathe mphindi imodzi. Foni ikalira, ilire.

12. Mangani ndi kamzere ka pulasitiki kuyambira m'munsi mwa mng'alu kukwera m'mwamba, kuzungulira kulikonse kukuphimba theka la kwapitako, ngati mmene amafolerera udzu, kuti madzi asalowe. Chala chimodzi chigwire kanthambi kuti kasasunthe. Kokani mpaka pulasitiki atanuke pang'ono. Tsekani bwino pamwamba pa chitsa, pamene kanthambi katulukira, chifukwa mpweya ndi madzi zimalowera pamenepo. Mukatha yang'ananinso ngati kanthambi sikanabwerere pakati. Luzi ndi ulusi sizitseka mpweya, ndipo zikauma zimadula khungwa.

13. Vekani kajumbo koonekera pa kanthambi, mumange m'munsi mwa bala. Mpweya wa m'katimo umadzaza chinyezi, kanthambi n'kuleka kutaya madzi. Kwa milungu iwiri yoyamba kakukhalira madzi amene kanabwera nawo okha.

Pukutani mpeni musanapite pa mbande ina. Utomoni ukaumira pampeni umaubunthitsa, komanso umanyamula matenda.

Milungu yotsatira

14. Ikani mbande pansi pa shedi. Jumbo ikakhala padzuwa la Okutobala kanthambi kamapsa ngati kali mumphika. Thirirani padothi, osati pabala, ndipo dothi lingokhala lonyowa, lisachite matope. Chitsa chataya masamba ambiri, sichikumwanso ngati kale. Mizu ikamira imasowa mpweya, ndipo mizu yosowa mpweya imalephera kutenga michere ngakhale madzi omwe.

Musathire fetereza pano. Michere imalowa mumtengo itasungunuka m'madzi, koma ikachuluka m'kachubu kakang'ono imachita ngati mchere pa nkhaka yodula: imatulutsa madzi m'mizu m'malo mowalowetsa. Ndicho chija timati fetereza wawotcha mbewu.

15. Pitani kunazale kawiri pa mlungu, muzibudula mphukira iliyonse yotuluka pachitsa m'munsi mwa bala. Mphukira zimenezi zili ndi njira zakale zotseguka kale, choncho madzi ndi shuga zimathamangira kumeneko, kanthambi n'kutsala ndi njala. Zibuduleni ndi zala zikadali zazing'ono.

16. Pakati pa milungu iwiri ndi inayi, maso a kanthambi amatseguka. Chizindikiro choyamba chabwino ndi timapesi tija: ngati tinali tisanagwe, timagwa tokha mukangotikhudza. Masamba akayamba kugunda jumbo, imasuleni kumunsi kwa masiku awiri kapena atatu, kenako muichotse madzulo. Kuichotsa mwadzidzidzi masana kumafotetsa masamba amene azolowera chinyezi.

Popeza miyezi imeneyi mango amakhala akuchita maluwa, tinthambi tina timatulutsa maluwa m'malo mwa masamba. Musasangalale nawo. Maluwa ndi zipatso zimakoka shuga kwambiri. Abuduleni, masamba atuluka pambuyo pake.

Milungu inayi ikatha popanda chochitika, kandani khungwa la kanthambi pang'ono ndi chikhadabo. Pakakhala pobiriwira, dikirani. Pakakhala pakuda, kafa. Chitsa musachitaye: chisiyeni chiphuke mphukira imodzi, mudzamezanitsenso.

17. Pulasitiki wa pabala achoke pakatha miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola. Mulembe tsiku pa kalendala, chifukwa apa ndi pamene anthu akhama omwe amaiwala. Mtengo ukamanenepa, chomangira chimasanduka chingwe chapakhosi. Madzi amapitabe popeza njira yawo ili m'kati, ndiye masamba amaoneka bwino, inu n'kumati zonse zili m'malo. Koma njira ya shuga ili kunja, yafinyidwa. Shuga amaunjikana pamwamba pa chomangira, pamenepo n'kutupa, mizu ikufa ndi njala mwakachetechete. Ine ndinatayapo mitengo inayi chonchi, yogwira bwinobwino, mphepo itaithyolera pa mkanda umene pulasitiki anasiya. Dulani chomangira ndi lumo kumbali yopanda bala, mosamala kuti musacheke khungwa.

18. Masamba atsopano a mango amayamba ofiirira, ofewa, olendewera. Pa msinkhu umenewo amadya shuga kuposa amene akupanga. Dikirani asanduke obiriwira ndi olimba. Pamenepo mungayambe kuchepetsa mthunzi, kuchotsa masamba a pachitsa, ndi kuthira manyowa owolerana pang'ono.

19. Okani mvula ikakhazikika, pamene mphukira zakhwima. Dzenje likhale la masentimita 60 mbali zonse kapena kuposa, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa, mitengo italikirane mamita 8 kufikira 10. Ng'ambani chubu popanda kuswa dothi, chifukwa timizu ting'onoting'ono timene timamwa madzi timathothoka msanga. Pomezanitsa pakhale pamwamba pa nthaka ndithu. Zikani kamtengo kochirikiza, mumange momasuka. Zaka ziwiri zoyamba chotsani maluwa onse kuti shuga amange mizu ndi nthambi. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pa zaka zitatu kapena zinayi, pamene wofesa umatha zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Mpeni wobuntha. Umaphwanya m'malo modula, ndipo mipaipi yophwanyika situlutsa kapena kulandira madzi. Ngati zalephera zambiri nthawi imodzi, yambani mwakayikira mpeni musanakayikire nyengo.

Kuika kanthambi pakati pa chitsa chonenepa. Bwererani pa sitepe 11.

Kumezanitsa mitengo yosayenderana. Mango amagwira pa mango, mapeyala pa mapeyala, malalanje ndi manachesi pa mandimu. Mango pa gwafa sizitheka ngakhale mutadula mwaluso chotani.

Kusuzumira. Kumasula pulasitiki pa mlungu woyamba kuti muone ngati zagwira kumang'amba timinofu tanthete timene tayamba kulumikizana. Chimodzimodzi kunyamula machubu uku ndi uku, nkhuku zotera pa kanthambi, ndi ana.

Kukhulupirira masamba oyamba. Kanthambi kamatha kuphuka ndi chakudya chimene kanasunga, ngakhale kasanalumikizane ndi chitsa, kenako n'kufota pa mlungu wachinayi. Musafulumire kutulutsa mbande padzuwa kapena kuzigulitsa masamba oyamba asanakhwime.

Kusiya mphukira ya pachitsa mtengo uli kale kumunda. Imakula mwamphamvu kuposa yomezanitsa, mwini wake n'kumaisirira, ndipo patatha zaka zinayi amakolola mango a makolo omwe aja, n'kumati anam'gulitsa mbande yabodza. Dziwani pamene pali bala, ndipo chilichonse chotuluka pansi pake chichoke.

Waya wa chikwangwani cha dzina. Amapha mtengo mofanana ndi pulasitiki woiwalika. Dzina lembani pa kamtengo kozika pambali.

Mbuzi, khasu ndi moto. Mbuzi ikasenda khungwa mbali imodzi, mtengo umapola. Ikasenda kuzungulira tsinde lonse, njira ya shuga yaduka, ndipo mtengowo umafa ngakhale ukhale wobiriwira kwa miyezi ingapo, monga imafera mitengo ya mombo imene asendako makungwa opangira ming'oma ya njuchi. Tchingani mtengo uliwonse ndi minga kapena njerwa, popalira pafupi ndi tsinde zulani udzu ndi manja, ndipo zinyalala zophimbira nthaka zitalikire tsinde ndi chikhatho chimodzi kuti chiswe chisapeze pokwerera.